Kumene Matenda Amayambira: Umoyo wa Dziko Lonse Poyang'ana pa Chitimba

Maphunziro a umoyo wa anthu a pa dziko lonse amayambira pa funso looneka lapafupi: n'chifukwa chiyani anthu a malo ena amadwaladwala ndi kufa akadali aang'ono, pamene a malo ena amafika pa ukalamba, chonsecho thupi la munthu n'lofanana kulikonse? Dokotala amaona wodwala amene wakhala patsogolo pake, napeza nthenda, nalemba mankhwala. Wophunzira za umoyo wa anthu ambiri amabwerera m'mbuyo. Amafuna kudziwa madzi amene wodwalayo amamwa, ntchito imene imamudyetsa, mtunda wochokera kwawo kukafika kuchipatala, kalasi imene mayi ake analekezera sukulu, ndiponso kumene kunachokera ndalama zogulira mankhwala amene wapatsidwawo. Akalondola mafunso amenewa mpaka kumapeto, amapezeka kuti wadutsa malire a boma, kenako malire a dziko. Mu 2008 komiti ya bungwe la WHO, imene ankaitsogolera Michael Marmot, inafotokoza kuti kusiyana kwakukulu pa umoyo kumachokera ku mmene anthu amabadwira, kukulira, kukhalira, kugwirira ntchito ndi kukalambira, ndipo zonsezi zimatsata mmene chuma ndi ulamuliro zagawikira pakati pa anthu.

Chitimba, m'boma la Rumphi, ndi malo abwino oyeserapo ganizo limeneli. Ndi kadera kopapatiza kopanikizika pakati pa nyanja ya Malawi ndi mapiri, ndipo msewu wa M1 wochokera ku Mzuzu umadutsa pakati pake kulowera ku Karonga ndi kuchipata cha Songwe. Anthu ake, amene ambiri amalankhula Chitumbuka, amadalira usodzi, chinangwa, malonda a m'mbali mwa msewu ndi alendo odzaona nyanja. Pamwamba pa phiri pali Livingstonia ndi chipatala cha David Gordon Memorial, chimene chinatsegulidwa mu 1911. Chakumpoto pang'ono, ku Chilumba m'boma la Karonga, kuli malo a kafukufuku wa zaumoyo amene akhala akugwira ntchito kuyambira 1979. Madera akumudzi mu Africa amene umoyo wa anthu ake walembedwa mosamala kwa nthawi yaitali chotere ndi owerengeka.

Nyanja ndi phiri

Chinthu choyamba chimene chimaumba umoyo ndi malo enieniwo. Amishoni a ku Scotland anamanga Livingstonia yoyamba ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo konse kuwiri malungo anawapha. Mu 1894 Dr Robert Laws anasankha Khondowe, pafupifupi mamita 900 pamwamba pa nyanja, kumene kumazizira. Anasamuka asanadziwe chimene chimafalitsa malungo, chifukwa Ronald Ross anatsimikiza za udzudzu mu 1897 ali ku India. Iwo anangoona kuti kunsi anthu akufa ndipo kumtunda akukhala. Koma anthu a kunyanja sanasamuke nawo. Chipatala chachikulu chinakhala pamwamba, malungo ambiri n'kutsala pansi, ndipo pakati pake pali msewu wa Gorodi wa makilomita pafupifupi 15, wokhota mochititsa mantha malo pafupifupi 20. Mayi amene uchembere wamuvuta usiku wa mvula m'mbali mwa nyanja amamva kulemera kwa chisankho cha 1894 mpaka lero. Kumwera kwa Mlowe zinthu n'zovutirapo, pakuti ku Tcharo ndi ku Zunga munthu amafikako pa boti kapena wapansi.

Mankhwala a malungo amene amaperekedwa pa chipatala chaching'ono cha Chitimba ali ndi mbiri ya maiko ambiri. Tizilombo tosamva chloroquine tinayambira kummwera chakummawa kwa Asia, n'kufika kummawa kwa Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mu 1993 Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar. Naye Fansidar atafooka, mu 2007 kunabwera LA, amene mphamvu yake imachokera ku chomera chimene akatswiri a ku China, motsogozedwa ndi Tu Youyou, anachifufuza. Pa 23 April 2019 Malawi inakhalanso dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'zipatala zake, Ghana ndi Kenya n'kutsatira, ndipo zimene zinaoneka m'maiko atatuwa zinachititsa WHO kuvomereza katemerayu mu October 2021.

Likodzo ndi nkhani ina. Tizilombo take timakulira m'nkhono za m'madzi n'kulowa pa khungu la munthu amene akusamba, kuchapa, kutsuka mbale kapena kukoka khoka. Uphungu woti anthu asamalowe m'nyanja ndi wosathandiza kwa munthu amene nyanjayo ndi munda wake, bafa lake ndiponso msewu wake. N'chifukwa chake boma limagawa mapiritsi a praziquantel m'sukulu, ambiri mwa iwo operekedwa ndi kampani ya Merck kudzera ku WHO. Mapiritsiwo amachiza, koma mwana akabwerera m'madzi omwewo amatenganso nthendayo. Kafukufuku wa ku Nankumba, kummwera kwa nyanja, anasonyeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha kusodza kopyola muyeso, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakula. Motero makoka a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito amene ena amawasandutsa makoka, amalowa m'nkhani ya umoyo. Kumadzulo kwa boma la Rumphi, kufupi ndi nkhalango ya Vwaza, vuto ndi kashembe ndi matenda a kaodzera, ndipo chipatala cha Rumphi chinali chimodzi mwa zipatala ziwiri, china chili ku Uganda, kumene anayesera mankhwala akumwa a fexinidazole olowa m'malo mwa jakisoni wakale woopsa.

Zimene Chilumba inaphunzitsa dziko

Ntchito ya ku Chilumba inayamba ndi khate. Bungwe la LEPRA ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine anatumiza magulu a ogwira ntchito khomo ndi khomo m'boma lonse la Karonga, kupima anthu ndi kulemba za nyumba zawo, sukulu ndi ntchito zawo. Kalembera wotere ndiye msana wa maphunziro onsewa, pakuti popanda kudziwa kuti m'mudzi muli anthu angati, palibe anganene ngati nthenda ikukula kapena ikuchepa. Zotsatira zake zinaonetsa kuti anthu amene anakhalitsa pa sukulu ndiponso okhala m'nyumba zabwino ankadwala khate mocheperapo. Kachilombo n'kamodzi, koma kamasankha khomo potsata umphawi.

Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 a m'bomalo analowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG, amene mwana aliyense wa m'Malawi amabayidwa pa mkono atangobadwa. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 1996 zinadabwitsa ambiri. Kubwereza katemerayu kunachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikunateteze akuluakulu ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo, pamene ku Britain katemera yemweyo anali atateteza achinyamata kwambiri. Akatswiri ambiri amaganiza kuti tizilombo tina tofanana ndi ta TB, topezeka m'dothi ndi m'madzi a kumalo otentha, timakhala titasintha kale chitetezo cha m'thupi katemerayo asanafike. Phunziro lake n'lalikulu: chimene chagwira ntchito ku London sichingangotengedwa kuti chigwiranso ntchito ku Chitimba popanda kuchiyesa kumeneko.

Phunziro lomweli linabweranso pa nkhani ya utsi wa kukhitchini. Chibayo chimapha ana ambiri, ndipo zinkaoneka zachidziwikire kuti mbaula zosafuka utsi zichepetsa nthendayi. Kafukufuku amene anachitika ku Chilumba ndi ku Chikwawa pa ana oposa 10,000 osafika zaka 5, n'kusindikizidwa mu 2017, anapeza kuti chibayo sichinachepe. Mbaulazo zinkawonongeka, mabanja ankaphikabe zina pa mafuwa, ndipo mwana amapuma utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zootcha ndi wa moto wa pakhomo loyandikana nalo. Zotsatira zokhumudwitsa zotere n'zamtengo wapatali, chifukwa zimaletsa maiko kutaya ndalama pa chinthu chongomveka bwino m'makutu.

Msewu

Msewu umabweretsa nthenda, umabweretsanso mankhwala, ndipo pa Edzi unachita zonse ziwiri. Amuna a kumpoto akhala akupita kukagwira ntchito kunja kwa zaka zoposa 100: kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, kumigodi ya mkuwa ku Zambia, kumafamu ndi m'matauni a ku Zimbabwe. Ena anasanduka matchona, ena anabwera ndi njinga ndi malata, enanso anabwera ndi mapapo owonongeka ndi fumbi la mgodi pamodzi ndi TB. Malawi inalengeza wodwala Edzi woyamba mu 1985, koma magazi amene anasungidwa ku Chilumba pa kafukufuku wa khate anadzasonyeza pambuyo pake kuti kachilombo ka HIV kanali kale m'boma la Karonga mu 1982. Mu 1988 mkangano wokhudza kuyeza magazi a anthu opita kumigodi unathetsa ulendo wa Theba, ndipo mabanja ambiri anataya ndalama zimene zinkawasunga. Pa madoko a asodzi napo, pamene amuna amakhala ndi ndalama za tsiku lomwelo kutali ndi kwawo, ndipo amayi ogula usipa amalimbirana nsomba zochepa, kachilomboka kanapeza mpata.

Mu 2000 mankhwala a ma ARV ankagula madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ikhoza kuwagulitsa pa madola 350, ndipo chaka chomwecho msonkhano wa zamalonda wa ku Doha unavomereza kuti malamulo oteteza eni mankhwala asatsekereze maiko kuteteza miyoyo ya anthu awo. Global Fund inakhazikitsidwa mu 2002, PEPFAR ya dziko la America mu 2003, ndipo Malawi inayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Palibe munthu wa ku Chitimba amene anakhala nawo pa misonkhano imeneyi, koma maliro a m'midzi yawo anachepa chifukwa cha zimene zinagwirizanidwa kumeneko.

Sanachepe mofanana. Kuyambira 2002 ofufuza a ku Chilumba akhala akulemba kubadwa, kumwalira ndi kusamuka kwa munthu aliyense m'dera la anthu oposa 30,000. Chipatala cha boma ku Karonga, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera m'deralo, chitayamba kupereka ma ARV mu June 2005, imfa za akuluakulu m'deralo zinatsika ndi 10 pa 100 zilizonse m'miyezi 8 yokha, koma pakati pa okhala kufupi ndi msewu wa tala zinatsika ndi 35 pa 100. Uwu unali umodzi mwa maumboni oyamba mu Africa osonyeza kuti mankhwalawa akuchepetsa imfa m'dera lathunthu. Mankhwala anali aulere, koma minibasi sinali yaulere, ndipo wodwala wa kuphiri ankayenera kuyamba watsika wapansi. Mawu oti "chithandizo chaulere" amabisa ndalama ya ulendo, tsiku lotayika kumunda kapena kunyanja, ndi chakudya cha womudikirira wodwala. Ichi n'chifukwa chake kufikitsa chithandizo m'zipatala zing'onozing'ono, ndi kudalira alangizi a zaumoyo okhala m'midzi momwemo, kwapulumutsa anthu ambiri kuposa nyumba zikuluzikulu za m'mizinda. Nzeru yomweyi inabala ndondomeko ya 2011 yoyambitsa ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV, popanda kudikira makina oyezera chitetezo cha m'thupi amene zipatala za kumudzi zinalibe. Malawi ndiyo inayamba, WHO n'kudzalimbikitsa maiko ena kutsatira.

Madzi, nyengo ndi chakudya

Kolera wa 2022 ndi 2023 anali woopsa kuposa wina aliyense m'mbiri ya dziko lino: anthu pafupifupi 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Anayambira kummwera mu March 2022, anamondwe a Ana ndi Gombe atagumula zimbudzi ndi kuipitsa zitsime. Chachilendo chinali chakuti sanathe m'chilimwe monga mwa nthawi zonse, ndipo pofika August anali atakwera ndi nyanja kufika ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga. M'mbali mwa nyanja chimbudzi chokumba mumchenga chimagumuka msanga, asodzi ogona pa doko alibe poti apite, ndipo madzi omwe atayirako zonyansa ndi omwenso akumwa. Pa nthawi yomweyo maiko ambiri anali ndi kolera, katemera anaperewera pa dziko lonse, mwakuti mu October 2022 mabungwe osunga katemerayu anaganiza zopereka kamodzi m'malo mwa kawiri. Dziko limene limatulutsa mpweya wochepa kwambiri wotenthetsa dziko lapansi ndilo linalandira anamondwe, kenako n'kukaima pa mzere wa katemera wosakwana. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anaphanso anthu oposa 1,000 kuchigawo chakummwera.

Pa chakudya, kondowole amakhutitsa koma alibe zomanga thupi zokwanira, ndipo nsomba zimene zikanathandiza nthawi zambiri zimakwera galimoto kupita kumisika ya Mzuzu ndi Lilongwe chifukwa banja likufuna ndalama. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osafika zaka 5 anali opinimbira. Komabe kafukufuku yemweyo anaonetsa kupambana kwakukulu: imfa za ana osafika zaka 5 zinatsika kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 obadwa amoyo mu 1992 kufika pa 63. Katemera, masikito, ma ARV ndi maphunziro a atsikana zonse zinathandizapo.

Anthu akamakhalitsa ndi moyo, matenda ena amaonekera. Bungwe la MEIRU, limene likupitiriza ntchito ya ku Chilumba, linayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 kumeneko ndi ku Area 25 mu Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016. Linapeza kuti munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 7 alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kumudzi ndi kutauni komwe, ndipo ambiri sankadziwa. Amayi onenepa kupyola muyeso anali 44 pa 100 mu Lilongwe ndi 27 pa 100 ku Chilumba. Shuga, mafuta ophikira ndi zakumwa zotsekemera zimafika pa msewu womwe uja, pamene zipatala zinakonzedwera malungo ndi uchembere, osati wodwala wofuna mapiritsi a BP mwezi ndi mwezi kwa zaka 20. Fodya akuonetsa mbali ina ya vutoli. Alimi a ku Henga ndi ku Bolero amalipirira ana sukulu ndi ndalama za mbewu imene utsi wake umapha anthu mamiliyoni pa dziko lonse chaka chilichonse, ndipo Malawi inalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023, maiko ambiri atalowa kalekale. Malasha a ku Mchenga ndi ku Kaziwiziwi nawo amapatsa anthu ntchito pamodzi ndi fumbi.

Ndalama ndi eni ake a nzeru

Ndalama zoposa theka za ntchito zaumoyo m'Malawi zimachokera kwa maiko ndi mabungwe akunja, ndipo pa Edzi ndi zoposa 90 pa 100. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuika 15 pa 100 ya bajeti pa zaumoyo, koma Malawi zaka zambiri yakhala yosafikapo. Mankhwala ambiri amagulidwa ndi ndalama zakunja, kotero kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023 kunafika mpaka pa zenera lolandirira mankhwala. Boma la America litaimitsa thandizo lake mu January 2025 ndi kutseka USAID, zinaonekeratu kuti chisankho cha anthu a ku Washington chikhoza kuchotsa ntchito munthu woyeza magazi m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Thandizo lakunja lapulumutsa miyoyo yosawerengeka ndipo si lofunika kulinyoza, koma limatsata nthenda zimene wopereka wasankha. Zotsatira zake n'zakuti chipatala chimatha kukhala ndi ma ARV osaduka chilibe mankhwala a shuga kapena mafuta a ambulansi.

Covid-19 inaonetsa kusalingana komweku pa katemera. Malawi inalandira katemera woyamba wokwana 360,000 mu March 2021 kudzera ku COVAX, maiko olemera atabaya kale anthu mamiliyoni, ndipo mu May inatentha katemera oposa 19,000 amene anafika atatsala pang'ono kutha mphamvu, pa nthawi imene mphekesera za pa WhatsApp zinkaopseza anthu. Mu February 2022 poliyo anapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe, ndipo kachilomboko kanali ka mtundu wa ku Pakistan, patangopita chaka ndi theka Africa italengezedwa kuti yathana naye.

Funso lotsala ndi la amene amaphunzira zimenezi. Kwa nthawi yaitali anthu a kunyanja ankapereka magazi, makhololo ndi mayankho, pamene mafunso ankakonzedwa ku Ulaya ndipo madigiri ankapita komweko. Zinthu zasintha kuyambira pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, imene mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences. University of Livingstonia, imene Sinodi ya Livingstonia ya CCAP inatsegula mu 2003 pamwamba pa Chitimba pomwepo, nayo imaphunzitsa za umoyo wa anthu. Wophunzira amafunika kudziwa kuwerengetsa kufala kwa matenda, zachuma, zachilengedwe ndi chikhalidwe cha anthu, komanso chilankhulo cha kumudzi, pakuti imfa zambiri zimachitikira kunyumba popanda dokotala wolemba chimene chapha munthu. Ku Chilumba chifukwa cha imfa zotere chimapezeka pocheza ndi achibale maliro atatha, kuwafunsa mwaulemu mmene malemuwo anadwalira, kenako madokotala n'kuunika mayankhowo. M'madera ambiri a dziko lino kalembera wotere kulibe, ndipo ziwerengero za imfa zimene zimafalitsidwa ku Geneva zokhudza Malawi zimakhala zoyerekeza, zomangidwa pa kafukufuku wa apo ndi apo ndi pa zolembedwa za malo ochepa ngati Chilumba.